Batire la thirakitala lisakuphulikireni kumaso

Okutobala akafika kuno ku Chipata, dzuwa limawomba mpaka malata kumalira okha, ndipo aliyense wokhala ndi munda maso ake amakhala kumwamba. Mitambo ikangoyamba kuunjikana pamwamba pa phiri la Kanjala, anthu amakumbukira thirakitala imene anaiimika pansi pa mtengo wa mango mu Juni atamaliza kututa chimanga. Munthu akwera, apotokola kiyi, injini ingoti kwe kwe, kenako zii. Batire lagona. Ngozi za mabatire zimene ine ndaona ndi maso anga zinabadwira pa nthawi ngati imeneyi, mvula ili pafupi, mtima uli m'mwamba, anthu ofuna kuwalimira atandanda kale ndalama zili m'manja.

Ina inachitika pa famu ya amalume anga, cha kumsewu wopita ku Chadiza. Batire linagona pa tchaja usiku wonse m'kanyumba kosungiramo feteleza, chitseko chili chotseka kuopa akuba. M'mawa mnyamata woyendetsa thirakitala, amene tinakulira limodzi, anafuna kudziwa ngati ladzaza. Anatenga kawaya n'kugunditsa mitu iwiri ya batire, monga amachitira anthu ambiri, kuti aone kukula kwa moto. Ine ndinali panja ndi amalume tikuthira dizilo. Tinangomva phuu, ngati mfuti. Titalowa tinapeza chapamwamba chonse cha batire chitang'ambika, zidutswa za pulasitiki zili mbwee, mnyamata atagwira kumaso akukuwa. Amalume anati, "Mphwanga, thamanga ukatunge madzi m'diramu, usayang'ane china!" Madzi amenewo ndiwo anapulumutsa maso ake, ngakhale kuti lakumanzere siliona bwino mpaka lero. Batirelo silinali lakale, silinalinso lachinyengo. Linali labwinobwino, longodzaza kumene.

Chimene chimaphulika

Ambiri amaganiza kuti asidi ndiye amaphulika. Si choncho. Batire la mavolti 12 lili ndi zipinda 6, chilichonse chopereka mavolti 2 ndi pang'ono. M'zipindamo muli mapuleti a mtovu omira m'madzi osakaniza ndi asidi wa sulphuric, ndipo asidiyo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Batire likamatchajidwa, makamaka likatsala pang'ono kudzaza, magetsi amayamba kuswa madziwo n'kuwasandutsa mipweya iwiri, hydrogen ndi oxygen. Kubwata kumene mumamva mukatchera khutu ndi kumeneko. Hydrogen saoneka, sanunkha, ndipo akangokwana magawo 4 pa 100 a mpweya wa pamalopo, kamoto kochepetsetsa, kamene amakaniko amati sipaki, kamamuyatsa. Motowo umalowera m'timabowo ta zitsekerero n'kukapeza mpweya wina utadzaza pamwamba pa madzi m'kati, uli kale ndi oxygen wake. Chibokosi cha pulasitiki chimasweka nthawi yomweyo, asidi n'kuthovokera kumene kwawerama nkhope ya munthu.

Ndiye pamafunika kuti zinthu ziwiri zikumane, mpweya ndi kamoto. Mpweyawo simungauletse, batire lililonse la mtovu limautulutsa, ngakhale aja omata amene amati safuna kuthira madzi. Kamoto ndiko kamachokera kwa ife: sipanala, kawaya, ndudu, machesi, mbaula, chitsulo chowotcherera, kapena mutu wa batire wosamanga bwino. Gwirani mfundo iyi, chifukwa malangizo onse otsatirawa atsamira pa iyo: batire lofunika kuliopa kwambiri ndi limene lili pa tchaja, kapena longochokapo kumene, kapena la galimoto imene yangofika kuchokera ulendo wautali.

Pali zina zimene zimachulukitsa mpweyawo. Alternator ndiyo imatchaja batire injini ikamayenda, ndipo regulator yake, imene imawongolera magetsiwo, ikafa, batire limalandira magetsi opitirira muyeso ulendo wonse, madzi n'kumaphwa. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi. Amene amayendetsa magalimoto otsikira ku Mfuwe ndi kuchigwa cha Luangwa, kumene m'chilimwe kutentha kumadutsa madigiri 40, amadziwa mmene madzi a batire amathera msanga. Pa thirakitala pamawonjezeka fumbi ndi matope zotseka timabowo topumira, komanso kugwedezeka kwa m'mizere kumene kumathyola zolumikiza za m'kati mwa batire. Cholumikiza chothyoka chimathetheka m'kati momwemo, ndipo n'chifukwa chake mabatire ena amaphulika munthu atangopotokola kiyi, popanda amene waligwira.

Musanaligwire

Yambani ndi madzi. Ikani ndowa yodzaza madzi oyera pamene dzanja lingafike, ngakhale mukuona kuti ntchito ndi ya mphindi ziwiri. Vulani mphete, wotchi yachitsulo ndi tcheni cha m'khosi. Mphete ikagunda pozitivi ndi chitsulo cha galimoto nthawi imodzi imafiira ngati khala chala chili momwemo. Valani magalasi otchinga maso; m'masitolo a zitsulo m'tauni muno amapezeka, ndipo mtengo wake sufika pa mtengo wa batire. Wosuta fodya apite kutali. Ngati kuli mdima gwiritsani ntchito tochi. Ndaonapo dalaivala wina pa msewu wa Great East, usiku cha ku Sinda, akuyatsa machesi kuti asuzumire m'chipinda cha batire aone madzi. Ndinamugwira dzanja ndisanamupatse n'komwe moni.

Kenako liyang'aneni bwinobwino, ndipo mulinunkhize muli chapatali. Likakhala lotupa m'mbali, long'aluka, lonyowa ndi asidi, lotentha moti dzanja silingakhalepo, kapena likununkha ngati mazira owola, lekani pomwepo. Limenelo musalitchaje, musalijampe (kulipatsa magetsi kuchokera ku batire la galimoto ina), musayesenso kuliza nalo injini. Lisiyeni lizizire pamalo opita mphepo, n'kulichotsa.

Ngati lili bwino, pukutani fumbi pamwamba ndi kansanza konyowa, chifukwa kouma kangathe kubala timagetsi tothetheka pa pulasitiki. Masulani zitsekerero zonse 6, muone ngati kabowo ka chilichonse kakupuma. Kotsekeka ndi matope katsukeni m'madzi. Mukasuzumira m'kati, madzi ayenera kumiza mapuleti ndi sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, kapena kukhala pakati pa mizere iwiri imene imajambulidwa pambali pa mabatire ena. Mapuleti akakhala pamtunda, danga la mpweya m'kati limakula, ndipo mapuletiwo amapindika n'kumagundana. Thirani madzi a batire okha, aja otchezedwa ogulitsidwa m'mabotolo. Madzi a pa mjigo kapena a pachitsime ali ndi mchere wa m'nthaka umene umapha mapuleti pang'onopang'ono. Asidi musawonjezere. Chimene chimauluka ndi madzi, asidi amatsala momwemo, ndiye mukathira wina mukungoliwotcha batire. Musadzazenso mpaka kukamwa, chifukwa likatentha lidzasefukira. Batire lomata musalikanule ndi sikuludiraiva. Ambiri mwa amenewa ali ndi kadiso koonetsa mtundu, ndipo tanthauzo la mtundu uliwonse limalembedwa pa batire pomwepo. Likasonyeza kuti madzi achepa, nthawi yake yakwana.

Za kawaya kaja

Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa chizolowezi chogunditsa mitu ya batire ndi waya kapena sipanala chazika mizu kwambiri, kuyambira m'magalaja a ku Kapata mpaka kumidzi ya ku Vubwi. Munthu amaona moto uli thethethe n'kunena kuti batire lili ndi mphamvu. Komatu akuyatsa moto pakamwa penipeni pa mpweya woyaka, nkhope itawerama pomwepo. Ambiri achita zimenezi kambirimbiri osavulala, n'chifukwa chake sakhulupirira mukawauza. Tsiku limene mpweya udzakhale wokwanira silidziwika.

Gulani kamita koyezera magetsi, kaja ka mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Batire limene lapuma maola angapo likawerenga mavolti 12.6 kapena kupitirira pang'ono, ndi lodzaza. Likawerenga cha m'ma 12.2 lili pakati. Likatsika pansi pa 12, latheratu ndipo likufuna tchaja. Likakana kudutsa cha m'ma 10.5 ngakhale mwalitchaja, kawirikawiri chipinda chimodzi chafa, ndipo kulikakamiza kumangobwatitsa zipinda zisanu zotsalazo. Injini ikalira yezaninso: muyenera kuona pakati pa 13.8 ndi 14.5. Mukaona 15 kapena kuposa, zimitsani, mupite kwa wokonza zamagetsi a galimoto akaone regulator. Musagule batire latsopano musanakonze zimenezo, chifukwa nalonso lidzaphikidwa chimodzimodzi.

Kumasula ndi kumanga

Zimitsani injini, magetsi onse, wailesi, n'kuzula kiyi. Yambani kumasula waya wa ethi, amene amapita ku chitsulo cha galimoto. Pa magalimoto ndi mathirakitala a masiku ano ameneyu ndi wa negetivi. Chifukwa chake n'chakuti ethi akadali womanga, sipanala imene ili pa pozitivi ikangokhudza chitsulo chilichonse moto umabuka; ethi akachoka, ngoziyo yachoka. Pomanga mumatembenuza: pozitivi poyamba, ethi pomaliza. Mathirakitala ena akale kwambiri anapangidwa ndi ethi ya ku pozitivi, choncho pa thirakitala yachikale tsatirani waya ndi diso muone amene wamangidwa ku chitsulo. Musadalire mtundu wa waya, chifukwa amakaniko ambiri apitapo manja. Dalirani chizindikiro cha + ndi cha − pa batire. Mutu wa pozitivi umakhalanso wonenepa pang'ono kuposa unzake.

Zoyerayera zimene zimamera pa mitu zitsukeni ndi madzi osungunuliramo soda, yemweyu amayi amathira m'therere, koma zitsekerero zikhale zotseka kuti asalowe m'kati. Mangani mitu mpaka isatembenuke ndi dzanja. Kukhomerera msomali kapena kawaya pa mutu wokhwepa, kapena kuumenya ndi mwala kuti ugwire, ndi kuitana kamoto ndiponso kung'alula batire. Sipanala musaigoneke pamwamba pa batire ngakhale kamphindi. Pomaliza limangeni ndi chitsulo chake cholipanira kuti lisamadumphe. Lamba wa chubu amathandiza tsiku limodzi, koma m'munda wa zibuma amatambasuka, batire n'kukagunda chitsulo cha pamwamba.

Kutchaja

Tchajirani panja pamthunzi, kapena m'shedi yotseguka mbali. Hydrogen ndi wopepuka, amakwera m'mwamba, ndiye m'kanyumba kotseka amaunjikana kudenga. Ngati mukuopa akuba, ndi bwino kutchaja masana muli pomwepo kusiyana n'kutsekera usiku. Khwefulani zitsekerero ngati batire lanu ndi la zitsekerero. Tchaja ikhale yozimitsa pamene mukupana mawaya ake, wofiira ku pozitivi, wakuda ku negetivi, ndipo muyatse pambuyo pake mutaima chapatali. Musathamangitse. Muyeso wabwino ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa batire, kumene kumalembedwa pa batirepo ndi nambala yothera ndi Ah: la 100Ah lipatseni ma amp 10, la 70Ah ma amp 7. Muzilikhudza pambali nthawi ndi nthawi. Likatentha kwambiri kapena kubwata mwaphokoso, zimitsani lipume.

Likadzaza, zimitsani tchaja kukhoma kaye, ndiye muchotse mawaya. Kuchotsa chopanira tchaja ikuyaka kumabala kamoto pa nthawi imene mpweya wachuluka kuposa nthawi ina iliyonse. Ine ndimalisiya mphindi 30 kapena kuposa ndisanalinyamule. Ndikudziwa kuti mphindi 30 zimatalika pamene dothi lanyowa ndipo anthu akudikira, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kujampa

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, ndipo cholakwika chake chili pa waya womaliza. Choyamba onetsetsani kuti mabatire onse awiri ndi a mavolti ofanana. Malole ambiri akuluakulu, ngati aja odutsa pa malire a Mwami, amayendera mavolti 24, mabatire awiri olumikizana. Mukapereka 24 ku batire la 12 mudzalibwatitsa nthawi yomweyo n'kuwotcha zamagetsi za galimoto. Magalimoto awiriwo asakhudzane. Onse akhale pa nyutulo, handibuleki yokoka, makiyi ozimitsa. Gwiritsani ntchito majampa enieni onenepa, osati waya wa magetsi a m'nyumba wogwirizira ndi manja.

Waya wofiira muyambe kupana pa pozitivi ya batire lakufa, mbali inayo pa pozitivi ya batire lamoyo. Waya wakuda mupane pa negetivi ya batire lamoyo. Tsopano mbali yotsalayo musaipane pa batire lakufa ayi. Ipaneni pa chitsulo chopanda penti cha injini ya galimoto yakufayo, monga bawuti yaikulu, kutali ndi batire, kutalinso ndi mapaipi a mafuta ndi fani. Waya womaliza ndiye amathetheka nthawi zonse, palibe mochitira, ndiye cholinga n'chakuti kamotoko kagwere kumene kulibe mpweya. Ndikadauzidwa kuti ndisankhe langizo limodzi lokha loti aliyense alisunge, ndikadasankha limeneli.

Lizani galimoto yamoyo, isiyeni iyende mphindi zingapo, ndiye muyese yakufayo. Ikalira, chotsani mawaya mobwerera m'mbuyo, kuyambira wa pa injini uja, ndipo zopanira zisagundane. Pa nthawi yonseyi pasakhale munthu woweramira batire, ndipo ana apite kutali. Sitata musaikakamize kupitirira masekondi 10 kapena 15. Ipumitseni mphindi imodzi musanayesenso. Sitata ya injini ya dizilo imakoka ma amp mahandiredi angapo, ndipo pamene pali pokhwepa pamatentha msanga. Mukayesa katatu kanayi osalira, vuto lili kwina.

Pali chizolowezi china cha pa thirakitala chimene chimandidetsa nkhawa kuposa batire lenilenilo: kuliza injini pogunditsa sikuludiraiva pa sitata munthu ataima pansi, kutsogolo kwa tayala lalikulu. Kupatula kamoto, thirakitala ikakhala m'giya imanyamuka nthawi yomweyo n'kumuponda. Konzetsani kiyi, muzilizira muli pampando. Mukafunanso kuwotcherera kapena kupala chitsulo ndi girenda pa thirakitala kapena pa ngolo yake, chotsani batire mukaliike kutali.

Batire la m'nyumba

Magetsi atavuta kwambiri mu 2024 chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba, mabanja ambiri analowetsa mabatire a galimoto m'nyumba kuti aziyatsira mababu, wailesi yakanema ndi kutchaja mafoni. Kumidzi anthu anayamba kalekale kutero ndi sola. Mpweya wake ndi womwewo. Batire lisakhale kuchipinda chogona, pansi pa bedi, m'kabati yotseka, kapena pafupi ndi kandulo, koloboyi ndi mbaula. Liikeni pamene pali zenera kapena mpata wopita mphepo, pamene ana sangafike. Pakati pa sola ndi batire pakhale kabokosi kowongolera tchaji, chifukwa sola imene timati ya mavolti 12 imatulutsa 18 mpaka kupitirira 20 dzuwa likakhwima, ndipo mukailumikiza mwachindunji imabwatitsa batire masana onse. Mawaya amangeni ndi zomangira zake, osangowazengereza pa mitu.

Likaphulika

Madzi, msanga, ambiri. Munthu wathiridwa asidi m'maso mugonekeni chammbali, mutsegule zikope ndi zala zoyera ngakhale akukana chifukwa cha ululu, n'kumathira madzi oyera mosalekeza kwa mphindi zosachepera 20. Thirani kuchokera cha kumphuno kupita kunja kuti asidi asalowe m'diso linalo. Asatikite. Musathire mkaka, mafuta, mchere, mankhwala otsukira mano, madzi a masamba kapena soda m'diso. Ngati kachidutswa ka pulasitiki kalasa diso, musakazule ndipo musakanikize. Phimbani mopepuka ndi kapu yoyera muthamangire kuchipatala. Zovala zonyowa ndi asidi zivulidwe, khungu litsukidwe ndi madzi ambiri nthawi yofananayo. Wothandizayo asamale manja ake. Ngati asidi walowa m'kamwa, achukuche, koma musamusanzitse.

Mukatsuka, pitani kuchipatala ngakhale munthuyo akunena kuti wapeza bwino, chifukwa kupsa kwa m'diso sikuonekera konse tsiku loyamba. Amene muli pafupi ndi tauni pitani ku Chipata Central Hospital, a ku Katete ku St Francis, ena onse kuchipatala chimene chili pafupi, adzakutumizani okha ngati pakufunika kutero. Tengani botolo la madzi muzithirabe m'njira. Mukafika nenani momveka kuti ndi asidi wa batire la galimoto, ndi nthawi imene zachitika. Ngati makutu akulira kapena sakumva bwino, nenaninso.

Asidi wotayikira pansi kapena pa chitsulo muwazeni soda, phulusa kapena laimu wa kumunda mpaka thovu litasiya, ndiye mutsuke. Batire losweka kapena lakufa musalitaye kudzala kapena kudambo, ndipo musaliswe kuti mutenge mtovu wake. Mtovu ndi poizoni, umawononga ubongo wa ana, ndipo ukalowa m'dothi sutha. Ogulitsa mabatire ambiri amalandira lakale mukamagula latsopano. Linyamuleni lili chiimire, kumbuyo kwa galimoto, osati pamiyendo.

Chaka chamawa mukamaliza kututa, musaisiye thirakitala ndi batire lake padzuwa miyezi inayi. Batire longokhala limatha lokha mphamvu, ndipo likakhalitsa lili lopanda tchaji mapuleti ake amauma n'kuyamba kukana magetsi, ndiye mu Okutobala mudzayamba kulikakamiza ndi tchaja yamphamvu. Masulani ethi, chotsani batire, lipukuteni, muliike pamalo ozizira opita mphepo. Kamodzi pamwezi liyezeni ndi kamita kaja, muone madzi, ndipo likatsika pansi pa 12.4 lipatseni tchaja yapang'onopang'ono mpaka lidzaze.